Zitsulo za pa Mphasa ya Amalume

Kwathu ku Nsefu ng'ombe sizikhalitsa. Kashembe, ntchentche zoluma zija, amazimaliza chaka chisanathe, motero munthu amadalira khasu la m'manja. Dothi lathu lamakande limauma ngati njerwa m'chilimwe, ndipo mvula ikakhazikika limakakamira ku khasu mpaka msana kuthyoka. Nthawi yabwino yolima ndi yochepa: masiku owerengeka chabe mvula yoyamba itagwa. N'chifukwa chake thirakitala ya banja lathu sinali chinthu chongonyadira. Minda ya chimanga ndi thonje ya mbumba yathu yonse inkayembekezera iyo.

Inafika m'chigwa m'zaka zimene boma linkadula malire a nkhalango yosungirako nyama. Agogo athu, amene anali malume wa amayi, ankaiyendetsa pokoka chitsulo chosalazira misewu ya alendo odzaona nyama. Itakalamba, akuluakulu a ntchito anafuna kuisiya pa msasa kuti idye dzimbiri, koma agogo anaipempha popuma ntchito. Poti kwathu katundu amatsata bere la akazi, iwo atamwalira inagwera ana atatu a mlongo wawo: amalume aakulu, amalume aang'ono, ndi amayi. Mwa atatuwa, amene anaisunga ndi kuiyendetsa anali amalume aang'ono, ndipo ndi iwo amene ndiziwatchula kuti amalume.

Batire yake inafa ine ndisanabadwe. Pofuna kuiliza, tinkaikunkhuniza. Chigwa chathu n'chathyathyathya, choncho agogo anasema chulu chachikulu cha kuseri kwa nkhokwe n'kupanga kanjira kotsetsereka. Thirakitala ikaweruka inkakwera chulucho chafutambuyo, n'kuikidwa mwala kutsogolo kwa tayala. M'mawa munthu ankachotsa mwalawo, iyo n'kutsika, amalume n'kusiya kilachi pakati pa njira. Ikakana kulira isanafike pansi, pankafunika amuna ambiri ndi chingwe kuti aikwezenso.

Chaka chimene ndikukumbukirachi ndinali kunyumba kumapeto kwa Okutobala, ndikudikira kuti ndikayambe kuyeserera kuphunzitsa. Ndinapeza thirakitala ili pa chulu, itachotsedwa mutu wa injini, ndipo abale atatu aja asakulankhulana bwino. Amalume aakulu ankagwira ntchito pa msasa wa alendo cha ku Chinzombo. Mwini msasawo anafuna thirakitalayo kuti aipake utoto, aiimike pa chipata, alendo azijambulitsa pambali pake. Analonjeza malata okwanira kufolera nyumba zitatu.

Kunyumba timalankhula Chikunda, koma ndilemba mawu awo m'Chichewa monga ndingathere.

"Chaka chatha inalira kangati?" anafunsa amalume aakulu, atakhala pa tayala lakale. "Munda wa mlongo wathuyu munaulima mizere yokhota ngati njira ya mvuu. Inatha iyi, mphwanga. Tiyeni tifolere nyumba."

"Malata salima," anayankha amalume.

"Nanga iyi ikulima? Ikungosuta fodya ngati nkhalamba."

Anagwirizana kuti ikalima mvula yoyamba ikagwa, ikhala. Ikalephera, ipita ku chipata cha msasa. Amayi anapitiriza kusenda mtedza.

Amalume sankadziwa kuwerenga, ndipo thirakitalayo inalibe buku. Buku lawo linali mphasa. Akamamasula injini ankayala mphasa yakale pansi pa chisakasa cha udzu, n'kumaika chitsulo chilichonse pamalo pake motsata mmene chatulukira. Mphasayo inali ndi mbali imene inapsa ndi moto, ndipo mbali yopsayo inkaimira kutsogolo kwa injini. Zimenezi ndinadzazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinangoona zitsulo zakuda ndi mwaye zili mbwee pa mphasa, nkhuku zikudutsa pakati pake.

Lachitatu amalume anapita kumaliro ku Kakumbi. Ine ndinkafuna kuti thirakitala ikhale, ndipo ndinafuna kuti dzanja langa lionekepo. Ndinatenga palafini ndi kansalu, n'kutsuka chitsulo chilichonse mpaka kuwala. Kenaka ndinazisanja monga tinkasanjira zipangizo m'kalasi ku koleji: mabawuti aatali m'chitini chawo, aafupi m'chawo, manati paokha. Panali mavavu asanu ndi atatu, tizitsulo tooneka ngati bowa wa tsinde lalitali, timene timatseka ndi kutsegula mpweya mu injini. Anayi anali aakulu, anayi aang'ono. Ndinawamanga m'magulu awiri ndi luzi. Mphasa ndinaikutumula, n'kuipinda bwinobwino.

Atabwera madzulo, amalume analowa m'chisakasa ndi kugwada pamene pankakhala mphasa. Anatambasula dzanja n'kukhudza dothi. Anasuntha pang'ono n'kukhudzanso dothi. Zitini zinali patsogolo pawo penipeni, zikunyezimira ndi dzuwa lolowa, koma sanazitembenukire.

"Ndani wachotsa mphasa?"

"Ndine, amalume. Ndatsuka zonse. Zili m'zitinimo."

Kenaka anati, "Ndi mavavu omwe?"

"Aakulu paokha, aang'ono paokha."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "A ku koleji atikonzera pakhomo." Sanandikalipire. Anandifotokozera modekha kuti vavu iliyonse yakhala ikugunda pa mpando wake zaka zambiri mpaka yadyana nawo. Ukaiika pa mpando wa inzake, mpweya umathawa, ndipo injini yakale ngati imeneyi singalire pa kamtunda kochepa ka chulu. Kuzipala zonse kuti zikhazikike mwatsopano kukanafuna phala lopalira, limene linali litatha ndipo linkapezeka ku Chipata kokha.

"Ndiye titani, amalume?"

"Pita ukathandize amako. Ndiona."

Masiku atatu otsatira anakhala m'chisakasamo kuyambira sikisi koloko mpaka dzuwa kupendeka. Mabawuti anawabwezera pa mphasa mosavuta, pongoyesa utali wake ndi chala. Koma mavavu ankawatembenuza m'manja, n'kumapititsa chala chachikulu pamwamba pake mobwerezabwereza. Nthawi ina ndinawaona akukhudzitsa vavu ku lilime. Ankalowetsa imodzi pa mpando, kuizunguliza pafupi ndi khutu, kuitulutsa, kuyesa ina. Kum'mawa mitambo inkasonkhana masana aliwonse, ndipo kutentha kunali kwa mtundu umene umatsogolera mvula. Ndikawapititsira madzi akumwa ankati, "Ika pompo," osaloza paliponse.

Ndinauza amayi kuti ndipita ku Chipata kukafuna phalalo, ngakhale pa njinga mpaka kumsewu waukulu.

"Khala pansi," anatero amayi. "Vuto si phala."

Tsiku lachinayi lake m'mawa amayi anasiya mtondo, n'kusamba m'manja, n'kupita kuchisakasa. Ndinawatsatira. Anakhala pansi moyang'anana ndi mlongo wawo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka, kaya iwe."

"Ndadzuka. Achimwene, bwanji simukuwerenga timadontho ta amalume athu?"

Manja a amalume anaima.

Amayi anatembenukira kwa ine n'kufotokoza kuti ali mtsikana, agogo anamasulapo injini yomweyi. Anatenga msomali wachitsulo cholimba ndi hamala, n'kukhoma timadontho pamutu pa vavu iliyonse: kamodzi pa za kutsogolo, tiwiri pa zotsatira, mpaka tinayi. Amayi ndi amene ankagwira mavavuwo pa chitsa, ndipo agogo anaphonya kamodzi n'kuwamenya chala. Anandionetsa chikhadabo chimene sichinamere bwino.

"Tinafufutika kale timeneto," anatero amalume.

Amayi anatola vavu imodzi n'kuipendeketsa ku dzuwa. "Titatu. Tikuoneka bwinobwino, mwanayu watsuka." Anaiika m'dzanja la amalume, n'kupinda zala zawo pamwamba pake. "Achimwene, kapu yanu ndakhala ndikuika pamalo amodzi chaka chathunthu. Mpando wanu ndinaletsa ana kuusuntha. Muyesa ndinkachitiranji?"

Amalume anaweramitsa mutu. Patapita nthawi anati, "Lamanzere linatseka kale. Lamanjali likuona ngati utsi wa lupsa. Munthu ndimamuona akamayenda. Akaima, ndi chitsa."

Pamenepo ndinamvetsa mizere yokhota ya chaka chatha, ndi dzanja lija lofufuza dothi zitini zili pamaso pawo. Anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Timadonthoto ankatidziwa kuyambira tsiku loyamba. Zala zawo zinali zitauma ndi ntchito moti sizinkatimva, ndipo kupempha munthu kuti awawerengere kunali kuulula zimene anabisa.

"Akulu akamva, aitenga," anatero amalume. "Adzati thirakitala ya wakhungu n'njachiyani. Ndipo adzakhala akunena zoona."

"Timange kaye," anayankha amayi. "Za akulu tiziona pa chulu."

Anagwira ntchito masiku awiri. Amayi ankawerenga mokweza m'Chingerezi, "wanu, thu, firii, folo," monga ankawerengera agogo, amalume n'kumalowetsa vavu iliyonse pa mpando wake. Yoyamba itakhala, anaizunguliza pafupi ndi khutu n'kunena kuti, "Eya, yafika kwawo." Gasiketi yoletsa kudontha pa paipi ya madzi amalume anaidula pa chikuto cha kope langa lakale, poligogoda ndi kahamala m'mphepete mwa chitsulo, maso ali kumwamba. Ankakangana ngati ana.

"Sipanala ya hafu, iwe."

"Ndi imeneyi."

"Iyi ndi ya njinga! Kodi wakhungu ndani pano?"

"Amene anabisa chaka chathunthu, ameneyo."

Ine ndinapatsidwa ntchito yothamangitsa nkhuku, ndipo ndinalonjeza kusakhudza kanthu.

Mvula inagwa Lachisanu masana, yamphamvu, yonunkhiritsa dothi. Loweruka m'mawa amalume aakulu anafika pa njinga, matope ali m'miyendo, ndipo achibale anasonkhana mozungulira chulu. Amalume anathira dizilo, anapopa kampope ka m'mbali mpaka thovu litatha, anakhudza paipi iliyonse. Kenaka, m'malo mokwera pa mpando, anaima n'kuyang'ana kumene kunkachokera mawu a mkulu wawo.

"Achimwene, ndisanachotse mwala, mumve kwa ine, musamve kwa ena. Maso anga anatha. Munda wa chaka chatha si thirakitala imene inaukhotetsa, ndinaukhotetsa ndine."

Amalume aakulu anatsamiritsa njinga pa nkhokwe, n'kubwera pafupi. Anagwira chibwano cha mng'ono wawo n'kutembenuzira nkhope yake ku dzuwa, monga amachitira munthu ndi mwana wodwala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndipo unkawoloka nayo mtsinje uli chonchi? Ndi ana anga m'ngolo?"

"Njira ndimaidziwa."

"Chitsiru iwe," anatero motsitsa mawu, dzanja likadali pa chibwano. "Nanga ayendetse ndani?"

Amayi anali atamanga kale chitenje cholimba m'chiuno. Anakwera pa mpando mosayang'ana munthu. Anali asanagwire chiwongolero chiyambire utsikana wawo, pamene agogo ankawalola kuzungulira bwalo. Amalume anakwera pambali pawo, pa chitsulo chophimba tayala, dzanja limodzi lili pa phewa la mlongo wawo.

"Ponda kilachi mpaka pansi. Usasiye ndisanakuuze. Wina achotse mwala."

Amene anawerama kuchotsa mwalawo anali amalume aakulu.

Thirakitala inayamba kutsika pang'onopang'ono, matayala akumata matope. Ndinaona kuti ikuchedwa kuposa masiku ouma, ndipo theka la kanjirako linali litatha. Amalume aakulu nawonso anaona. Anathamangira kumbuyo n'kukankha ndi phewa, malaya awo a kuntchito ali pathupi.

"Tsopano!" anafuula amalume.

Inagwedezeka, inatsokomola kawiri, inakhala ngati yaima. Kenaka utsi wakuda unatuluka, n'kusanduka wotuwa, injini n'kugwira kayimbidwe kake. Amalume sanakuwe nawo anthu amene ankakondwera. Anapendeketsa mutu, kumvetsera vavu iliyonse, kenaka anagwedeza mutu kamodzi.

Tsiku limenelo analima munda wa amalume aakulu poyamba, chifukwa amayi anati mlendo amayamba kudya. Mzere woyamba unakhota kuposa ya chaka chatha.

"Wakhungu ankalima bwino!" anakuwa eni munda ali m'mphepete, matope mpaka pachifuwa.

"Bwerani mudzayendetse inuyo!" anayankha amayi osatembenuka.

Za malata sizinatchulidwenso, ndipo nyumba zathu zikadali zaudzu. Amalume sanagwirenso chiwongolero. Amakhala pa chitsulo chophimba tayala, n'kumauza amayi nthawi yosintha giya ndi pamene pulawo yalowa kwambiri, pakuti amamva zimenezo injini isanadandaule. Ndinamva kuti masiku oyamba ankatambasula dzanja kufuna chiwongolero pa ngodya ya munda, n'kulibweza.

Pobwerera ku koleji ndinakawatsanzika amalume m'chisakasa. Anali atayalanso mphasa, mbali yopsa italoza kutsogolo, akumasula pampu ya madzi. Ndinaima patali ndithu.

"Yandikira, a ku koleji," anatero. "Sindiluma. Taona pa chitsulo ichi, pali timadontho tingati?"

Ndinagwada, osachigwira, n'kuwauza kuti tiwiri. Anachiika pamalo pake pa mphasa.