Phewa Limene Ndinalibweza

Ndinadzuka kusanache, mvula ikuwaza pawindo la nyumba yathu ku Kings Heath, m'dziko la Angelezi. Amayi a kutchalitchi kwathu amene anagona pasiwa anali atayatsa kale mbaula za gasi kuseri, mpunga uli pamoto. Linali tsiku loika apongozi anga, bambo a mwamuna wanga.

Malemuwa kwawo kunali ku Iran, kudera laling'ono la kumapiri kumene amayankhula Chiperisiya. Ankagwira ntchito mu ofesi yoyang'anira midzi ya kumeneko, kulemba obadwa ndi omwalira. Atakalamba tinawatenga kudzakhala nafe, ndipo ankakonda kutchula midziyo umodziumodzi ngati akuitana ana awo. Chimene chinkandidya mtima n'chakuti munthu wotere aikidwe ngati alibe anthu. Ndiye ndinamema Amalawi anzanga, n'kupempha anyamata achisilamu a ku Mangochi amene ndimagwira nawo ntchito ya keya, yosamalira okalamba ndi odwala, kuti akhale adzukulu. Kwathu anamfedwa sanyamula bokosi. Amakhala pansi, ena n'kuwagwirira ntchitoyo.

Kutacha kunayamba kufika magalimoto achilendo. Munkatuluka azibambo a majekete akuda, ena ochokera ku Coventry, ena kutali zedi. Aliyense popereka moni kwa mwamuna wanga ankatchula mudzi wake, ndipo mayinawo ndinawazindikira. Midzi ya apongozi ija inali itabwera.

Kumanda mvula inakula. Mwamuna wanga anali atatheratu ndi chisoni, anthu awiri atamugwirizira, moti sankaona chilichonse. Bokosi litatsitsidwa m'galimoto, alendo aja anasendera. Patsogolo panali mkulu wina wowonda, wonjenjemera, amene anapatsa mnzake ndodo yake n'kupereka phewa. Ine, ndi phuma langali, ndinathamanga n'kumugwira mkono. Ndinamuuza m'Chingelezi kuti, "Pumulani bambo, anyamata alipo." Anandiyang'ana, anaika dzanja pachifuwa, n'kubwerera m'mbuyo. Anzake onse anabwereranso. Anyamata anga ananyamula bwinobwino mpaka kudzenje, ine ndikudzimva kuti ndine mtengwa wodziwa mwambo.

Titakwirira, mlamu wanga wamkazi anandikokera pambali. "Mlamu, kwathu kunyamula ndiye ulemu womaliza," anatero motsitsa mawu. "Mudzi uliwonse umanyamulako pang'ono n'kupatsira unzake." Anandiuza kuti mudzi wa mkulu uja unatsala ndi mabanja ochepa, ndipo akuluakulu a boma anafuna kuuphatikiza ndi wina kuti dzina lake lithe. Amene anakana zimenezo anali apongozi anga. Mkuluyo anachita kupempha madokotala kuti amulole kutuluka m'chipatala tsiku limenelo, kuti adzanyamuleko munthu ameneyu.

Manyazi anandigwira. Ndinamulondola kugalimoto kukapepesa. Iye anangogwedeza mutu, nati, "Zikomo mwana wanga, watisamala." Kenako anzake ananyamuka naye kubwerera kuchipatala, ndipo mpunga wathu uja sanaulawe n'komwe.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Mapoto anali atavundikiridwa kukhitchini, majekete onyowa ali pachitseko. Mwamuna wanga anakhala pampando wa bambo ake n'kuyamba kutchula midzi ija chapansipansi, umodziumodzi, momwe ankachitira malemuwo. Atafika pa mudzi wa mkulu uja anaima, ndipo sanapitirize. Sanandiyang'ane, sanandifunse kanthu. Bola akanandikalipira.