Zimene Amayi Ankathira M'mbale ya Ababa

Chaka chimene ndinali Fomu 3, ababa anawachita opaleshoni n'kuwachotsa kathumba ka ndulu. Bala linapola bwino, koma m'mimba munakana. Akangodya kunyumba, posakhalitsa ankagwira pamimba n'kuthamangira kuchimbudzi. Anaonda mpaka malaya ankangolendewera.

Chodabwitsa chinali chakuti akapita ku Ligowe kwa azakhali, mlongo wawo, ankadya osamva kanthu. Azakhaliwo sanachedwe kuziona. Tsiku lina anafika kwathu, anakana mphasa, n'kuyankhula ali chiimire.

"Alamu, kodi achimwene mukuwadyetsa chiyani? Kwathu amadya mpaka kunyambita zala. Kuno akungosungunuka."

"Zomwe tikudya tonse, alamu," anayankha amayi.

"Eti? Nanga enanu bwanji simukuthamangira kuchimbudzi?"

Anati zikapitirira adzawatenga ababa akakhale kwawo, zotsalazo akambe ankhoswe. Ababa ndi mkamwini m'mudzi mwathu, choncho ndinadziwa kuti akangopita, banja latha.

Ndinawakwiyira azakhali, komabe mawu awo anandilowa. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa amayi akamaphika. Ndiye ndinaona ndi maso anga. Atagawa ndiwo, anatembenuka, anatulutsa kabotolo kuseri kwa thumba la nyemba, n'kudonthezera m'mbale ya ababa yokha. Kusukulu atsikana ankakamba za mankhwala amene akazi ena amathira m'chakudya kuti mwamuna afatse. Amayi anga omwewa, oimba kwaya? Masiku angapo ndinkalephera kuwayang'ana kumaso, ndipo ababa akamadya ndinkafuna kuwalanda mbale.

Loweruka lina amayi atapita kumunda wa kachewere, ndinakatenga kabotolo kaja. Ndinanunkhiza, kenako ndinanyambita pang'ono. Anali mafuta ophikira basi. Koma ngati ndi mafuta, kubisa kwake n'kwa chiyani? Atabwerako ndinawafunsa.

"Iwe, wayamba kundizonda m'nyumba mwanga?" anatero akuvula mpango. "Munthu waonda chonchija, ndimusiye adye zouma? Ndimabisa chifukwa anthu inu mukawaona, dzuwa silingalowe alipo."

Pamenepo ndinakumbukira phunziro la bayoloje. Aphunzitsi athu anakhutchumula madzi ndi mafuta m'botolo, koma mafutawo anabwereranso pamwamba. Atathira sopo pang'ono n'kukhutchumulanso, zonse zinayera ngati mkaka. Anati ndulu imachita ngati sopoyo: imaphwanya mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti matumbo athe kuwagaya. Munthu wopanda kathumba, ndulu imangodontha pang'onopang'ono kuchokera m'chiwindi, ndiye mafuta ambiri akabwera nthawi imodzi amaiposa mphamvu.

Kwa azakhali ndiwo zake n'zotendera tsiku ndi tsiku. Nsinjiro nazo zili ndi mafuta, koma sayandama. Amakhala omwazikana kale m'msuzi monse. Kwathu ababa ankameza mafuta onyezimira pamwamba pa mpiru. Lolemba ndinawafotokozera aphunzitsi. Anati zikhoza kutero, ngakhale kuti kuchuluka kwa mafutawo n'kumenenso kungavute, ndipo anati ababa akafunsenso kuchipatala.

Nditawauza amayi kuti asiye mafutawo, aziphika zotendera, sanasangalale nazo. "Ndiye sukulu yakoyo ikuti mwamuna wanga azidya ngati mlendo wosafunika?" Anandiyang'ana ngati ndatumidwa ndi azakhali. Koma m'mawa mwake ndinadzuka ndi phokoso la mtondo, akusinja mtedza.

Sizinathe tsiku limodzi. Masiku ena ababa ankadandaulabe, ine n'kuyambanso kukayikira ngati ndinamva bwino m'kalasi. Pang'ono ndi pang'ono maulendo a kuchimbudzi anachepa, masaya anabwerera, mpaka anayambanso kupalasa njinga kupita ku Lisungwi.

Azakhali atabweranso ndinawafotokozera zonse, za sopo ndi botolo zomwe. Anandisiya ndimalize, kenako anaseka.

"Mwana iwe, kabotolo kanalipo eti? Ndiye ndinanama pati? Amako asiya chifukwa tinawagwira." Anatembenukira kwa ababa. "Achimwene, longedzani tizipita."

Ababa, amene samakonda kutsutsana ndi mlongo wawo, ulendo uno anawayankha.

"Chemwali, mayiyu ankadzimana kuti ine ndinenepe. Ine sindikupita kulikonse."

Azakhali anakana chakudya tsiku limenelo, ndipo mpaka lero akabwera kwathu amati adya kale. Anakwera kabaza okha, ababa atawaperekeza mpaka pamsewu n'kubwerera.