Mkuyu wa M'chitini

Telala wina anatha zaka makumi atatu akusoka pakhonde la sitolo, moyang'anizana ndi siteji imene aliyense ankaitcha Pamkuyu. Mtengowo unalipodi. Mbalame zinkadya nkhuyu n'kumaipitsira anthu odikira basi pamapewa, koma palibe ankadandaula poti mthunzi unali waulere.

Atabwera okuza msewu, mkuyu unagwa tsiku limodzi. Makondakitala, anthu osachedwa kuiwala maliro, anayamba kukuwa kuti Pachitsa. Chitsa chitazulidwa, panasanduka Padzenje.

Telala mtima unamuwawa, ndipo sichinali chifukwa cha makasitomala ayi. Mwana wake wamkazi anachoka pakhomo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo atakangana naye pa nkhani ya mwamuna, osatumizanso ngakhale moni. Chichokereni, nyumba zonse za mumsewuwo zinasintha. Tsiku lobwerera akadzati Pamkuyu, adzamutsitsa pati?

Choncho anadzala kamkuyu m'chitini cha penti. M'mawa uliwonse ankasenza chitinicho, kuwoloka msewu, kukachiika pasiteji, dzuwa likapendeka n'kukachitenga kuopa mbuzi. Ankasoka diso lina pasingano lina pachitini, moti thalauza la aphunzitsi ena linatuluka mwendo umodzi waufupi. Kondakitala aliyense wotchula dzina lakale ankamusokera batani ulere. Akathyaliwo ankadula mabatani dala, kutchula Pamkuyu m'mawa, masana n'kubwerera ku dzenje lawo. Mapeto ake siteji inatchuka kuti Pachitini, ndipo telala anasanduka choseketsa cha msewu wonse.

Lachiwiri lina masana kunatulukira mayi wina wapansi, chikwama pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Ankauza wogulitsa nthochi kuti atatchula Pamkuyu, kondakitala watsopano anamupitiriza mpaka kunja kwa tauni kumene kuli mkuyu weniweni, ndiye wabwerera akufunsa khomo ndi khomo. Telala anali atagwada akuthirira kamkuyu kake. Mawuwo anawazindikira asanadzutse mutu.

"Ababa, mtengo uja ndi umenewu?" anafunsa mayiyo.

"Ukula," anatero telala. "Khala pamthunzi mwanawe, watopa."

Mwanayo anayang'ana timasamba tisanu tokha, natula chikwama, n'kukhala pansi pambali pa chitini. Mthunzi unangomukwanira phazi limodzi, koma sanasunthe.