Madzi a Kumtunda kwa Pochapira

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo zonse zili moyo. Woyamba ndi mnzanga wa ku Kenya yemwe tinkagona chipinda chimodzi ku Pangani, mumzinda wa Nairobi, munthu wosatha kunama chifukwa amaiwala msanga. Achiwiri ndi mayi ogulitsa chapati pansi pa nyumba yathu. Achitatu ndi adalaivala a thiraki ya ku Limbe. Amenewa mukawafunsa ayamba akana kaye, koma muwapatse nthawi.

Chaka changa chachitatu pa yunivesite ku Nairobi, anatisankha ophunzira angapo kuti tipite ku Hawaii kukathandiza ntchito m'midzi ya eni nthaka a kumeneko, n'kuphunzirako chikhalidwe chawo. Ntchito yake inali yopalira koko m'madimba a matope. Ine ndinathawa dimba ku Mulanje, n'kuwerenga mpaka maso kufiira, kuti ndidzakwere ndege zitatu kukalowa m'dimba. Sindinaseke. Ndinasaina.

Bambo woyang'anira madimbawo anatiyankhula pa kompyuta, matope ali m'zigongono. Anati kwawoko mlendo salowa m'dimba chimanjamanja. Aliyense abwere ndi madzi pang'ono a kwawo, adzaime m'mphepete, atchule phiri lake, mtsinje wake ndi makolo ake, kenako athire madziwo mu ngalande. "Madzi okudziwani," anatero, "osati ogula."

Anzanga a ku Kenya anakwera timinibasi tawo totchedwa matatu Loweruka, pofika Lolemba aliyense ali ndi botolo lake. Ine mtsinje wanga unali kuseri kwa malire awiri. Ndinaimbira bambo anga.

"Akufuna madzi? Kwawoko kulibe?"

"Aliko, bambo. Azunguliridwa ndi nyanja."

"Ndiye ndi umbombo chabe umenewo."

Koma m'mawa mwake anatsikira okha kumtsinje ndi ndodo yawo, osatuma munthu. Botololo analipereka kwa adalaivala aja, omwe ankabweretsa mtedza ku Industrial Area ya ku Nairobi.

Botolo lili panjira, bambo anamwalira. Anagona masana pamkeka, osadzukanso. Pasipoti yanga inali ku ofesi ya kazembe ku Gigiri kudikira chidindo cha ulendo, choncho maliro ndinawamvera pa foni, mlongo wanga ataikweza m'mwamba kuti ndimve nyimbo. Foniyo itatha moto, ndinatsika kukagula chapati ziwiri. Ndinadya zonse. Mayi aja anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino, ndipo ndinalidi bwino, monga momwe mpando umakhalira bwino.

Thiraki ija inafera ku Iringa, pakati pa ulendo. Adalaivala anakhala kumeneko masabata atatu, mpaka, ndikulumbira, mpingo wa pafupi unawaika m'kwaya. Ndinkaimba foni tsiku lililonse.

"Achimwene, madzi aja?"

"Alipo, aphwanga. Ndawakhazika pampando wakutsogolo, ndawamanga lamba. Amene ndikugona pansi pa thiraki ndine."

Kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke, ndinatsegula mpopi wa ku Pangani, womwe umakumbukira ntchito yake Lachiwiri lokha, n'kudzaza kabotolo. Mnzanga uja anasiya kusita n'kumandiyang'ana.

"Adzadziwa bwanji?" ndinamufunsa.

"Sadzadziwa," anatero. "Kungoti udzatchula dzina la bambo ako uli ndi madzi a alandilodi m'manja."

Ndinakaika m'chikwama ndithu. Mumtima munalibe kanthu, ngakhale manyazi.

M'mawa mwake adalaivala anaimba kuti afika. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yosungira katundu, akupuma pa matumba a mtedza, mawu atasalala ndi kwaya. Anatsegula chitseko, anamasula lamba, n'kunditulutsira botolo la malita awiri. Madzi anali atatsala pansi, okwana zala zitatu.

"Pepani za maliro, aphwanga," anatero. "Za madzizi musandiyang'ane choncho. Pachipata china cha apolisi anati ndi kachasu, analawa. Pachina anati ndi mankhwala, analawanso, wina mpaka anati bondo lake lasiya kupweteka. Otsalawo ndinathira mu injini itatentha pachitunda. Akanapanda madzi a bambo anu, bwenzi ndidakali m'kwaya."

Ndinalandira botololo. Pabotolopo panali kapepala komata ndi selotepi, kolembedwa ndi dzanja la bambo, zilembo zopendekera ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo: "Ndatunga kumtunda kwa pochapira. Ukawauze kuti ndi oyera."

Kumtunda kwa pochapira n'kokwera, miyala yake yoterera. Ndili mwana ankandiletsa kupitako.

Ndinakhala pa tayala lakale, botolo lili pamiyendo. Kenako ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa kabotolo ka ku Pangani kaja n'kupatsa adalaivala. Anasamba nako m'manja.