Thobwa la Omanga ku City Centre

Ndinaganiza zopita ku Halale chaka chimene fodya wa bambo anapserera m'munda. Sindinapemphe nzeru kwa munthu. Ndinangouza mlongo wanga wamkulu, Esinati, amene ankagulitsa nthochi pamsika wa ku Old Town. Iye anati, "Mukafika mulembe kalata, achimwene. Wotiwerengera tidzamupeza."

Kumeneko ndinalembedwa ntchito yotsuka mapoto m'khitchini ya hotela ina. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, ndipo Lamulungu ndinkangokhala pakhomo kumvera anthu akucheza m'chinenero chawo. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kwa Esinati. Makalata ake ankabwera mwa apo ndi apo, olembedwa ndi dzanja la munthu wina: mvula yachedwa, likulu akuti lisamukira kwathu kuno, bambo atisiya. Za maliro ndinazimva atawaika kale. Tsiku limenelo ndinatsuka mapoto monga mwa masiku onse.

Chaka china alendo ambiri a pahotelapo anadwala m'mimba tsiku limodzi. Kunabwera mkulu wa zaumoyo ali ndi kabuku, nafunsa aliyense: unadya chiyani, nthawi yanji, nanga sanadwale ndani? Ine ndinkamasulira mafunsowo kwa Amalawi anzanga a m'khitchini. Mapeto ake anapeza kuti gwero linali nkhuku zomwe zinagona kunja kwa firiji. Palibe anamangidwa. Anatiphunzitsa kusamba m'manja ndi sopo komanso kusiyanitsa mpeni wa nyama yaiwisi ndi wa zophikaphika, basi nkumapita. Ntchito imeneyo ndinagoma nayo.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinapeza fumbi, malole, ndi nyumba zosanja zikumera kutchire komwe tinkakumba mbewa, malo amene tsopano ankawatchula kuti City Centre. Kalata yondichitira umboni ya kuhotela ija inandipezetsa ntchito yothandiza a zaumoyo a m'tauni. Ndinkayenda m'misika, m'mabutchala ndi m'makhitchini a mabwana ku Area 3, kuuza anthu zovundikira chakudya. Esinati anali atasiya nthochi. Ndalama ndinkatumiza zija anagulira migolo iwiri, ndipo anali mmodzi mwa amayi ambiri ogulitsa thobwa kwa omanga.

M'nyengo yotentha omanga a pamalo ena anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Mmodzi, bambo wa ku Mitundu, anamwalira. Abwana anga anandipatsa kabuku nati ndikafunse.

Mafunso anali omwe aja a ku Halale, koma kuno sanayende. Masiku amenewo munthu wofunsafunsa atagwira kabuku ankayesedwa kazitape. Womanga wina, milomo ili gwa, dzanja lili pamimba, anandiyankha kuti, "Bwana, kuno kulibe matenda. Zonse zili bwino, tikumanga dziko." Masiku awiri ndinabwerera chimanjamanja.

Tsiku lachitatu kabukuko ndinakasiya m'thumba. Ndinakhala pansi ndi Che Saidi, kalipentala wachikulire wa ku Old Town, amene gulu lake lonse linali bwinobwino. Ndinafunsa kuti bwanji inu simunadwale.

"Ife tikusala, mwanangu. Ndi Ramazani," anatero. "Masana sitidya, sitimwa."

"Nanga anzanuwa masana amadya chiyani?"

"Aliyense zake. Wina chinangwa, wina zitumbuwa. Chimene amakumanirana ndi thobwa la pansi pa mtengo wa mango apo." Anapala thabwa kaye asanapitirize. "Mwini wake mumamudziwa kuposa ine."

M'mawa mwake ndinalawirira kwa Esinati. Ndinamupeza thobwa litazizira kale, akuthiramo madzi a m'ndowa kuti lichuluke. Ndinafunsa komwe anatunga. Anati kumtsinje, kumunsi kwa mlatho. Malowo ndinkawadziwa; m'tchire la m'mbali mwake ndi momwe anthu a pamsika ankadzithandizira.

"Pampopi mzere umafika masana, omanga atamwa kale kwa ena," iye anatero. "Kuwiritsa kawiri, nkhuni zake ziti?"

"Munthu wamwalira, achemwali."

"Ndamva." Anaika ndowa pansi. "Mulemba?"

"Ndilemba."

Ndinalembadi, dzina ndi malo otunga madzi. Abwana anabwera, nakhuthulitsa migolo yonse iwiri anthu akuona, namuletsa kugulitsa kwa kanthawi. Kenako tinasonkhanitsa amayi onse a thobwa, ine nkuwafotokozera zowiritsa madzi ndi kutsuka makapu. Ambiri ankatunga pamalo omwewo. Anamvetsera mitu ili pansi. Matenda anatha. Esinati anayambiranso malonda, koma makasitomala ena sanabwerere, ndipo miyezi ingapo tikakumana pamsika ankangoti "zikomo" ngati akudutsa munthu wachilendo.

Tinadzayankhulana bwino pa chinkhoswe cha mwana wake. Anandipatsa yekha kapu ya thobwa, nati, "Imwani, madzi ake ndi owiritsa." Ndinamwa. Kenako anakhala pambali panga, maso ali kwa ovina.

"Mukuganiza kuti munatulukira chinthu chobisika?" anafunsa. "Omanga onse ankadziwa. Amayi anzanga ankadziwa. Ngakhale mkazi wa malemu uja ankadziwa. Palibe ananena, chifukwa sankadziwa kuti dzina likalowa m'buku la boma likathera kuti. Akanandinyamula usiku, ana anga akanadyetsa ndani?"

Ndinati palibe akanamangidwa pa nkhani ya thobwa.

"Inu munali kunja, achimwene," anatero. "Ife tinali konkuno."

Ntchito ya zaumoyo ndinaigwira mpaka kupuma, ndipo mayina ndinalemba ambiri. Koma kuyambira pamenepo, ndisanafunse munthu chimene anadya, ndinkayamba ndamuuza komwe dzina lake likupita, amene adzaliwerenge, ndi chimene chidzamuchitikire. Ena ankayankha. Ena ankangondiyang'ana, nkunena kuti zonse zili bwino.