Mabotolo a Bambo Tierney

Rabecca Kalonga ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndi wamasiye, ndipo amasamalira okalamba pa nyumba ina ku Croydon, mu London. Ntchito amaidziwa. Uve sagwirizana nawo.

M'chaka cha 2004 kunabwera nkhalamba ina ya ku Ireland, a Tierney, amene anakalambira pa ntchito ya zomangamanga mu London. Anali aulemu, koma anali ndi kachizolowezi kotunga madzi m'mabotolo n'kumabisa kunsi kwa bedi. Rabecca ankakhuthula m'mawa uliwonse. Madzi ogonetsa amadwalitsa, ndipo mpopi unali momwemo m'chipinda.

"Anti, asiyeni agogowo," ankatero Bester, mnzake wa pa shifiti. "Mwina akufuna atsegule shopu."

"Shopu ya chiyani? Mutu wabalalika awa."

Tsiku lina akukhuthula botolo lomaliza, a Tierney anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Limodzi lokha, mayi," anatero.

Rabecca anakanena kwa manijala kuti nkhalamba ija yayamba ukali. Anagwirizana zowasamutsira ku nyumba ya odwala matenda oiwala, kumene zitseko amakhoma.

Mwana wa a Tierney, Marjorie, anabwera kudzalongedza katundu. Ataona mabotolo opanda kanthu anakhala pa bedi.

"Kunyumba tinkangowasiya," anatero.

Anafotokoza kuti mu 1961 bambo ake anali msilikali wosungitsa mtendere ku Congo. Asilikali a chigawo choukira cha Katanga anawazinga iwo ndi anzawo m'tauni ya Jadotville, madzi n'kudulidwa. Anamenya nkhondo mpaka zipolopolo zinatha, kukhosi kuli gwa, kenako anadzipereka. Atabwerera kwawo anthu ankawanena kuti ndi amantha. Nkhaniyo sanaikambenso.

Rabecca anangoti zyoli, maso pa mabotolo. Kwawo ku Ntcheu mlendo umayamba wamupatsa madzi utagwada, mafunso pambuyo. Iye madzi analanda, ndipo miyezi yonseyo sanafunse n'kamodzi komwe.

Anapita kwa manijala kukabweza mawu ake. Anamuyankha kuti chipindacho chaperekedwa kale kwa wina.

A Tierney tsopano ali ku nyumba yokhoma zitseko ija, ku Romford. Rabecca amapitako Loweruka lililonse pa sitima, botolo la madzi lili m'chikwama. Kumeneko salola mabotolo m'zipinda, ndiye amabwerera nalo.