Karauta ka pa Nsungwi

Achemwali anga atabereka ku Joni, anapempha amayi kuti atchule mwanayo dzina. Amayi anakana. "Ine sinditchula dzina munthu amene sindinamuone akuphethira," anatero. Zithunzi za pafoni ankati nzosawerengera.

Kwathu ku Namitambo netiweki inkagwira pachulu pokha, ndipo miyendo ya amayi inali itasiya kale kukwera zulu. Ndiye ine, mwana wawo wophunzira zamakompyuta, ndinagula karauta kakale ku Limbe, nkukamangirira pansonga ya nsungwi kuti kazitapa netiweki nkuitsitsira pakhonde. Pulogalamu yake sinkagwirizana ndi modemu yanga, kachipangizo kolandira uthenga, choncho ndinaikamo ina, yomwe kenelo yake, mtima wa pulogalamuyo, ndinaikonza ndekha.

Koma abale inu, kanandivuta kanthu kameneka! Achemwali akangoimba, nkhope ya mwana inkauma, kenako zii.

"Sukulu yonse ija, iwe, ndi imeneyi?" ankandiseka amayi akusenda nandolo. Ndinkapsa mtima, koma chinkandiwawa kwambiri nchakuti mwana ankangotchedwa "uyu", amayi akufookerafookera.

Vuto linali lochititsa manyazi. Purosesa, ubongo wa karauta kotere, imakhala ndi kathumba kake, kashi, momwe imasunga zomwe yangowerenga kumene kuti isamabwererenso ku memore, nkhokwe yake yaikulu. Tsono kachipangizo kolandira uthenga kamalemba molunjika mu memore osaiuza. Makompyuta akuluakulu amayanjanitsa okha ziwirizi, koma timapurosesa totchipati timadikira kenelo. Yanga sinkachita zimenezo paliponse pofunika. Uthenga watsopano unkafika ndithu, purosesa nkumawerenga zakale za m'kathumba, nkuutaya ngati wowonongeka.

Ndinakonza kuti isanawerenge zolandira iziyamba yataya za m'kathumba, ndipo isanatumize kanthu izikhuthulira zonse mu memore. Ndinatsitsa nsungwi, ndinakwezanso.

Masana amenewo achemwali ataimba, mwana anayasamula, nkuphethira. Amayi anakankha lichero, nagwira foni ndi manja awiri.

"Ee, takuonani, amayi anga," anatero, nkumutchula dzina la mayi awo.

Amayi sanafike nyengo ina ya nandolo. Chaka chatha mtsikanayo anabwera kumudzi koyamba, wamtali kale. Ataona nsungwi ija, yomwe ndimakaniza aliyense kuizula, anandifunsa ntchito yake. Ndinamuuza kuti dzina lake linadzera pamenepo, ndipo anakaigwira.